Mungu wa M'khwawa la Katope

Lekani kukangana, ana inu, palibe wathira mankhwala m'madzimo. Tadala, pendeketsa besenilo ndione. Eya, basi. Kachikasu kayandama pamwambaka ndi mungu, wauluka ndi mphepo kuchokera ku mitengo ya paini ili kuseri kwa sukulu yanu ija. Mungu simuudziwa? Ha, ana okulira pafoni! Nanga mukadutsa m'munda chimanga chitamasula ngayaye, kaufa kamakugwerani m'mapewa kaja mumati n'chiyani? Katayeni madziwo ku nthochi, kenaka mubwere pamthunzi pano mundigwirire matabwawa. Kaufa kameneka ine kanandiulula ndili kale ndi imvi, ndipo nkhani yake mumangoimva zidutswazidutswa kwa amayi anu.

Ine mungu ndinaudziwira m'miyendo ya njuchi. Anandiphunzitsa ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, munthu wosalankhulalankhula amene ming'oma yake inali balala m'mapiri ano a Neno mpaka kufupi ndi malire. Mng'oma wa masiku amenewo sunali bokosi ngati ili tikukhomali. Tinkasenda khungwa la mombo kapena la mchenga lathunthu, kuzungulira mtengo wonse, n'kulilumikiza ndi zikhomo za nsungwi, n'kulikweza pamphanda ndi chingwe cha luzi. Mtengo wosendedwawo unkauma uli chiimire. Kudandaula kunalibe. Mitengo inali ngati tsitsi la m'mutu, ndipo ndani amawerenga tsitsi dazi lisanayambe? Usayang'ane mutu wanga, Yankho, ndakuona.

Atsibweni sankathamangira kutsegula mng'oma. Ankakhala pamwala, kabotolo ka fodya wa mphuno kali m'manja, n'kumayang'ana njuchi zikulowa. Njuchi ikamachokera kumaluwa imakhala itamata timipira tiwiri m'miyendo yakumbuyo. "Werenga pamenepo," ankatero. "Tikakhala toyererako, katope wamasula kukhwawa, uchi sutenga mwezi. Tachikasu tofuwa, ndi mombo. Tofiirira ngati nachesi wakupsa, chimenecho n'chisoso cha m'minda, usavutike kunyamula ndowa yaikulu." Munthu uja ankadziwa zochitika kuseri kwa phiri ali khale pamwala. Ine ndinkayesa matsenga.

Ndipo mungu umenewo tinkadya. Njuchi zimaupanikiza m'timabowo ta chisa, umakhala wowawasa pang'ono, wokakamira m'mano. Inu mumafuna uchi wa m'botolo, wosefa bwino, mukapezamo mwendo wa njuchi mumakuwa ngati mwaponda njoka. Ife tinkatafuna chisa chonse, uchi, mungu, ana a njuchi, phula lokha n'kulavula. Ukadya zimenezo m'mawa ndi chinangwa chootcha, unkatsika wapansi kuchoka kuno mpaka ku Lisungwi njala osaimva. Lero munthu wamiyendo iwiri yabwinobwino amadikira njinga yamoto kuti akafike kuchigayo.

Malo amene atsibweni ankawakonda koposa ndi aja timawatchula kuti Khwawa la Katope, ulendo wa theka la tsiku kukwera. Ena mwa inu munafikako pozula bowa, mukudziwa kuti lero kuli tsekera ndi zitsa zowola. Kale dzuwa silinkafika pansi kumeneko. Mitengo ya katope inali ndandanda mbali zonse za kamtsinje, mizu ili m'madzi, zipatso zake zakuda zili mbwee pamiyala. Ikamasula maluwa, khwawa lonse linkalira ngati chigayo chakutali, njuchi zokhazokha. Atsibweni atamwalira, ming'oma ya kumeneko inakhala yanga. Wina wopitako kunalibe, poti njira yake ndi yoterera ndipo anthu ankaopa kulumidwa. Uchi wa kumeneko ndi umene unandipezera ulemu kuchikamwini nditakwatira agogo anuwa, a Nasibeko. Apongozi ankati mkamwini uyu ndi wowonda koma amabwera ndi zotsekemera.

Kenaka kunagwa chilala chachikulu chija, nthawi imene othawa nkhondo a ku Mozambique anali akadali kukampu ya ku Luwani. Chimanga chinapserera chili m'mawondo. Njuchi zinathawa m'ming'oma yambiri. Amayi ako, Tadala, anali akuyamwa, koma bere linalibe kanthu. Kumsewu wa ku Zalewa makala ankagulidwa ngati mchere. Ndiye ndinakwera kukhwawa ndekha, ndikudziuza kuti ndigwetsa mitengo iwiri yokha. Iwiri inakhala isanu. Kunyumba ndinkanena kuti ndikukachita ganyu yonyamula matumba a anthu ena. Chaka choyambacho inali njala, sindikana. Koma chachiwiri mvula inagwa, nkhokwe zinadzaza, ine n'kupitabe, poti dzanja linali litazolowera. Pomatha chilimwe chachiwiri, m'khwawa munali mutayera.

Patapita zaka zingapo kasupe wa kumunsi kwa mudzi, amene madzi ake amachokera kukhwawako, anayamba kuphwa mvula ili kutali. Madimba anauma. Tsiku lina tili pamaliro, amuna takhala pansi pa mango kudikira okumba manda, wina anandilozera ine. "Kodi mitengo ya kukhwawa ija inapita kuti? Iwe ndi amene umayendako, tatiuza."

Maso onse anali kwa ine. Pakamwa panayankha mutu usanaganize. "Ndi alendowa," ndinatero. "Ndinawapeza akuotcha makala, anandithamangitsa ndi zikwanje."

Bodzalo linakwana ngati chivundikiro pamphika wake. Aliyense ankadziwa kuti othawa nkhondowo ankadula nkhuni ndi mitengo yomangira kuchigwa, nanga akanaphikira chiyani? Ndiponso ambiri anali atayamba kale kubwerera kwawo. Mumtima ndinati mlendo ndi mame, akakamuka bodza langa likamuka naye limodzi.

Koma mmodzi sanakamuke. A Zuwawo, agogo ake a mnzanu Filipo, anali atachoka kale kukampu kuja n'kukwera kuno kudzasula makasu ndi zikwakwa, anakwatira m'mudzi mommuno, osabwereranso. Mawu anga anagwera pamutu pawo. Abale a mkazi wawo anawakaniza dimba la pafupi ndi madzi, amati wodula mitengo asayandikire mtsinje. Ana awo kusukulu ankawanena kuti amakala. Ine ndinkaona zonsezo, ndinkangoyang'ana kumbali. Chodabwitsa n'chakuti tinakhala mabwenzi. Makasu anga ankasula ndi iwo, thobwa ankamwera pakhonde pano, kutchalitchi tinkakhala benchi limodzi. Zaka makumi atatu, nkhani ya kukhwawa osaitchula ngakhale kamodzi. Ndinayamba kuiwala ndekha kuti linali bodza. Munthu ukanena chinthu kambirimbiri, umayamba kuwaona ndithu anthu a zikwanje aja.

Tsono zaka zitatu zapitazo, nyengo yonga inoyi mphepo ikuomba, panafika njinga yamoto pabwalo pano. Anatsika mayi wachitsikana, nsapato zazikulu ngati za msilikali, chikwama kumsana, mpope wachitsulo atamangirira kumbuyo. Anagwada bwinobwino kupereka moni, anati dzina lawo ndi a Ndaziona, akuphunzira zamitengo kusukulu ya ukachenjede, ndipo alangizi kuboma awauza kuti wodziwa mayina a mitengo m'phiri muno ndine.

"Mukufuna mitengo yamankhwala?" ndinafunsa.

"Ayi agogo. Ndikufuna ndere."

"Ndere ziti?"

"Zobiriwira zija zimamera pamiyala ndi pazitsa. Ndi matope pang'ono."

Agogo anu aakazi anali akusola nyemba apo pali Yankhopo. Anaika lichero pansi. "Mayi, sukulu yonseyo, makolo anu kugulitsa mbuzi, kuti mudzatole ndere kwathu kuno?"

A Ndaziona anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anatilongosolera. Anati mungu ndi kanthu kakang'ono koma khungu lake ndi lolimba, suwola msanga. Ukagwera pandere umakodwa ngati m'chinkhupule, ukagwera m'matope onyowa umakhalamo zaka zosawerengeka. Ndipo mtengo uliwonse uli ndi mungu wa kaonekedwe kakekake, ukauika pamakina okuzira tinthu, onga aja amaonera malungo kuchipatala, umadziwa kuti uwu ndi wa uje. Anzawo amakumba matope akuya m'madambo kuti adziwe nkhalango zimene zinalipo makolo a makolo athu asanabadwe.

"Nanga ndere zapamwamba zikuuzani chiyani chimene maso sakuona?" ndinafunsa. "Mitengo ya lero si iyo yaimayo?"

"N'chifukwa chake ndabwera, agogo. Mboni usanaikhulupirire pa nkhani imene sunaione, umayamba waifunsa zimene unaziona wekha. Ndiwerenga mitengo yaimayo, kenaka ndikafunse ndere kuti pano pali mitengo yanji. Ndione ngati zimanena zoona, ndi pamene zimakokomeza."

Ana inu, tulo ta masana tinandithera pomwepo. Ine ndimayesa owerenga mungu padziko tinali awiri, ine ndi atsibweni, ndipo mmodzi anagona kale.

Tinayenda masabata awiri. Tikafika pamalo, ankatambasula chingwe mozungulira, ine n'kumatchula mtengo uliwonse uli m'katimo, iwo akulemba. Msuku, msuku, mombo, muwanga, msuku wina. Kenaka ankatsina ndere apa ndi apo, kuika m'kapepala kapulasitiki, kulemba nambala. Tikakwera pang'ono, chimodzimodzi. Ndakhala ndikukwera phiri limeneli kuyambira ndili wosavala, koma kuwerenga kumeneko kunandionetsa zimene miyendo inkadziwa mutu osazisunga: kuti misuku ili ndi polekezera pake, kuti mchenga sukonda mbali yozizira, kuti pamwamba penipeni mitengo imafupika ngati yagwada. Mayi aja analinso ndi mafunso osatha. Uwu umamasula liti? Njuchi zimaukonda? Nditawauza za timipira ta m'miyendo ya njuchi anaima chilili, n'kundipempha chidutswa cha chisa chakale, chakuda chija timataya. Anachikulunga ngati ndalama ya mkazi wamasiye.

Tsiku lina mpope wawo wotengera matope unathyoka pomangira chogwirira. Ndinapita nawo kwa a Zuwawo, iwo anaulumikiza tsiku lomwelo, n'kunena kuti atiperekeza kuti akaone ngati ugwire ntchito. Tsoka ilo, malo otsatira anali Khwawa la Katope. Kumunsi kwake kuli kadambo kamene sikauma, a Ndaziona anazika mpope pamenepo, a Zuwawo akukanikiza, n'kutulutsa matope otalika ngati mkono wanga. Atatha anayang'ana zitsa zija.

"Agogo, apa panali mitengo ikuluikulu. Inapita kuti?"

Ndinayankha monga mwa masiku onse. Othawa nkhondo, makala, zikwanje. Iwo analemba m'kabuku. A Zuwawo anali atawerama kutsuka mpope m'madzi, sanadzutse mutu.

Mayi aja anapita, mvula inagwa, tinalima, tinakolola. Ine ndinati basi, atiiwala, anthu a m'tauni amatero. Koma nthawi yokumba mbatatesi njinga ija inaliranso pabwalo. Anabwera ndi kompyuta yopinda ngati buku, anati aitaneni a Zuwawo nawonso adzaone zimene mpope wawo unatulutsa. Tinakhala pakhonde pano m'mawa, agogo anu ataima kumbuyo akunamizira kusesa.

Zimene ndinaona tsiku limenelo, mpaka lero ndikatseka maso ndimaziona. Kaufa kamene ukapuma kamauluka, pagalasi paja kanali kakakulu ngati dzira. Wa paini uli ndi matumba awiri a mpweya m'mbali, ngati mutu wa mbewa ya makutu akuluakulu, n'chifukwa chake umauluka mtunda wautali. Wa udzu ndi wobulungira, wa kabowo kamodzi, ngati chipanda. Wa chisoso uli ndi minga thupi lonse. Wa katope uli ndi ngodya zitatu, ndendende samusa wa pa Zalewa. Ndinafunsa kuti kodi amene anasema timeneti anali ndi mpeni wotani, ndipo ankasemera yani, poti palibe diso limatha kutiona. A Ndaziona anati funso limenelo kusukulu kwawo sayankha.

Kenaka anationetsa zimene ndere zinanena. Kumene tinawerenga misuku yambiri, mungu wa msuku unalimo ndithu. Pamwamba pa phiri, mitengo yapamwamba. Mpaka pamenepo mboni inali yoona. Koma paini anapezeka paliponse, ngakhale pansonga penipeni pamene palibe paini ndi mmodzi yemwe. Udzu ndiye wosanena. Tsono mombo ndi mchenga, mitengo imene yadzaza phiri lonseli, m'nderemo inali yongowerengeka, apa kamodzi, apo tiwiri.

"Ndiye kuti ndere zanuzo ndi zabodza," anatero agogo anu, tsache lili m'manja.

"Si zabodza, amayi. Zimangomva kwambiri olankhula mokweza."

Apo ndinalumphira ine, poti ndinazindikira. "Mombo sapatsa mphepo mungu wake! Amasungira njuchi. Paini njuchi sizimulabadira, ndiye amangomwaza ngati woledzera."

Mayi aja anaomba m'manja, n'kutsegula chithunzi china. Chinali cha chisa chakuda chija. M'menemo munali mombo ndi mchenga wothithikana, paini kamodzikamodzi kongosochera. Zimene mphepo inabisa, njuchi zinasunga. Anati tsopano akamawerenga matope akale, akapeza timbewu tiwiri ta mombo adziwa kuti panali nkhalango, akapeza paini wodzaza dzanja adziwa kuti mwina unali mtengo umodzi wolongolola kutsidya. Ine ndinati chimodzimodzi pamsonkhano wa mpingo. A Zuwawo anaseka mpaka kutsokomola.

Mafunso anandichulukira. Ndinafunsa ngati fumbi la m'mphuno mwanga lingaulule kumene ndayenda, anati mwina lingathe. Ndinafunsa ngati mungu umene unagwa tsiku limene atsibweni anandikweza mumtengo koyamba ukadalipo penapake, anati ngati unagwera ponyowa, ulipo.

"Tsono awa ndi matope a kukhwawa kuja," anatero a Ndaziona. Anati anawadula timagawo timagawo kuyambira pamwamba. Pamwamba, kutalika ngati chala, munali udzu, paini ndi chimanga pang'ono. Pansi pake panali kamzere kakuda, tizidutswa ta makala tokhatokha. Pansi pa kamzereko, timasamusa tija, katope wosawerengeka, wopanikizana ngati anthu pamsika, kutsika mpaka pothera mpope. Anati mitengo imeneyo inakhala pamenepo nthawi yaitali kwambiri, kenaka inatha mwadzidzidzi.

Ndinayang'ana kamzere kakuda kaja. Kanali kopyapyala ngati ulusi. Zilimwe zanga ziwiri.

"Ndalemba chonchi, agogo, mundiuze ngati ndalemba bwino." Anawerenga Chingerezi, n'kumasulira. "Malinga ndi mlimi wa njuchi amene wakhala kuno moyo wake wonse, mitengoyi inadulidwa ndi anthu othawa nkhondo."

"Zimenezo aziwerenga ndani?"

"Aphunzitsi anga, ophunzira obwera m'mbuyo, mwinanso anthu a mayiko ena. Zikalowa m'buku zimakhala."

"Nanga matopewo sakunena kuti anadula ndani?"

"Ayi. Matope amangonena chimene chinalipo ndi chimene chinatsatira. Za anthu timadalira inu."

Mukumva, ana inu? Ndikanangokhala chete, palibe makina padziko akanandigwira. Koma ndinaganiza kuti mayi awa anakwera phiri masabata awiri, matuza kumapazi, kuti ayese ngati ndere zimanena zoona. Ine sanandiyese. Anangondikhulupirira chifukwa cha imvi. Ndipo munthu amene dzina la mtundu wake linkalowa m'bukumo anali atakhala pambali panga, bondo lake likugunda langa.

"Fufutani," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a nkhuku yachitopa. "Fufutani, mayi. Anadula ndine. Ndekha. Kunalibe mlendo, kunalibe chikwanje."

A Ndaziona anachotsa manja pakompyuta. Ine ndinkadikira kuti a Zuwawo adzuke azipita, kapena andilavulire. Iwo ankangoyang'anabe chithunzi chija.

"Mayi, kangodya zitatuka ndiye katope, eti? Kokongola." Anapumira m'mwamba, kenaka anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ine ndinkadziwa. Nkhwangwa imene munagwetsera mitengoyo munabwereka kwa ine, mwezi womwe ndinafika m'mudzi muno. Munati mukukadula mphanda ya mng'oma. Mpaka lero simunabweze."

Ndinafunsa kuti, "Nanga bwanji simunanene, zaka zonsezi?"

"Ndinene kwa yani? Munthu wobwera ndi kamtolo pamutu atsutse mwana wa pamudzi, pamaliro? Ndinali nditathawa kale kamodzi, sindinafune kuthawanso kachiwiri." Anasisita zipsera za moto zili m'manja mwawo zija. "Za ine sindinadandaule kwambiri. Koma mkazi wanga wapita kumanda akusenza madzi a ndiwo zake kuchokera kutali, dimba la amayi ake lili pomwepo. Chimenecho chinandiwawa, achimwene. Chikundiwawabe."

Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, ndinati pepani, mawu amene ndi aang'ono ngati munguwo. Agogo anu anayedzamitsa tsache kukhoma.

"Inenso ndinkadziwa," anatero. "Wonyamula matumba a eni amada kumsana. Inu munkabwera nsidze zitapsa." Kenaka anagwada pamaso pa a Zuwawo. "Ndinadya nawo za makalawo, ndinakhala nawo chete. Mlanduwu ndi wa awiri."

A Ndaziona anafunsa mwaulemu kuti alembe chiyani tsopano. Ndinati lembani kuti anadula ndi mwini ming'oma, chaka choyamba chifukwa cha njala, chachiwiri chifukwa cha dyera. Anati dzina salemba. Ndinati ngakhale musalembe, kuno alidziwa Lamulungu likubwerali.

Ndipo Lamulungu mapemphero atatha, anthu asanabalalike, ndinaimirira panja pa tchalitchi n'kunena zonse. Musaganize kuti kunagwa chiphaliwali. Achinyamata ambiri sankadziwa n'komwe kuti kukhwawa kunali mitengo, ankangoyang'anana. Ena anaseka, amati mdala wayamba kuzungulira mutu. Koma mlamu wawo wa a Zuwawo, mayi wokalamba amene anatsogolera zowakaniza dimba, anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuchoka osatsanzika. Anthu ena mpaka lero sandipatsa moni monga kale, ndipo sindiwadandaula. Dimba lija a Zuwawo anauzidwa kuti atenge, koma atenge chiyani, poti madzi ake ndinaotcha ine. Mvula yotsatira tinakatola zipatso za katope kumtsinje wina, tinafesa, tinakadzala kukhwawa awiriwiri, madala awiri opuma katatu pachitunda chimodzi. Mitengo yambiri inapsa ndi moto wa osaka mbewa. Khumi ndi umodzi ilipo, yafika m'chiuno. Maluwa ake ine sindidzawaona, inu mwina.

Koma ndadumpha za nkhwangwa. Lolemba lotsatira Lamulungu lija ndinaifunafuna, ndinaipeza kuseri kwa nkhokwe, mpini wake wachinayi kapena wachisanu, chitsulo chitatha theka ndi kunola. Ndinaikulunga m'thumba, ndinapita nayo kwa eni ake. Ndinawapeza akukoleza makala posulira. Anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza uku ndi uku, anapeza kachizindikiro kawo kamene amadinda pazitsulo, kakuonekabe pang'ono. Anayesa kukamwa kwake ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Zaka makumi atatu, achimwene, kunola simunaphunzirebe?"

Anaipachika pamsomali, pakati pa zida zawo, n'kundilozera chitsa choti ndikhalepo.

"Mukadzaifuna mudzabwereke," anatero. "Koma mudzanene zoona kumene mukupita nayo."